Gemu ya usodzi: mafayilo onse alowa mu zip imodzi

Pomwe gemu yafika

Tsopano munthu akhoza kukankha bwato pagombe la Senga Bay, kupalasa mpaka pakati, kuyatsa nyali, kuponya chilimira n'kubwerera kumtunda ndi usipa mwera usanakule. Khodi yonse ya gemuyi ili m'chilankhulo cholembera mapulogalamu cha C, ndipo pa zojambula, mawu ndi kugwira kwa zala pasikirini tikudalira malaibulale (khodi yolembedwa kale ndi anthu ena) a SDL2, SDL_image ndi SDL_mixer. Mwezi uno sitinawonjezere nsomba kapena chilumba chatsopano. Mphamvu zonse zapita pa chinthu chimene wosewera sachiona n'komwe: momwe gemu imatsegulira mafayilo ake.

Mpaka posachedwapa zonse zinali mufoda yotchedwa data, m'kati mwake muli mafoda a zithunzi, mawu, nyimbo, mapu ndi zilembo. Mafayilo mazana angapo. Pa laputopu yanga zimayenda bwinobwino. Zimasokonekera gemu ikatuluka pakhomo. Kuno ku Salima anthu ambiri sadawuniloda gemu, bandulo yake ichokera kuti? Amapatsana pa Bluetooth, pa Xender, pa flashi, kapena kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mamemori khadi pamsika. Foda ikadutsa m'manja mwa anthu angapo, imafika kwa wotsiriza mafayilo ena atatsalira panjira. Palinso kavairasi kaja ka m'maflashi kamene kamabisa mafoda n'kusiya tizithunzi tonamizira. Aphunzitsi ena amene amatiyesera gemu pa kompyuta ya pasukulu anandiimbira kuti, "Achimwene, bwato lilipo, nyali ikuyaka, koma nyanja yonse ndi yakuda." Chithunzi cha madzi chinali chitatsala m'flashi ya munthu wina.

Ndiye tagwirizana kuti gemu izituluka ngati fayilo imodzi. Ikafika, yafika yonse. Ikapanda kufika yonse, gemu idziwe yokha n'kunena.

Kupanga mtolo wathuwathu kapena kutenga wa anthu

Kumanga mafayilo pamodzi si nzeru yachilendo. Gemu ya Doom ya mu 1993 inkasunga zonse mu fayilo ya WAD: mutu wa mabayiti 12, kenako katundu yense, ndi mndandanda umene dzina lililonse silipitirira zilembo 8. Quake ya mu 1996 inabwera ndi PAK, imene imayamba ndi mawu akuti PACK ndipo imalola dzina la mabayiti 56, mafoda ndi omwe. Zonse ziwirizi sizipanikiza kanthu, zimangoika mafayilo mondondozana n'kulemba pamene iliyonse yayambira ndi kutalika kwake. Zoterezi munthu ukhoza kulemba madzulo amodzi, ndipo mtima unandikokera komweko.

Chinandibweza n'chakuti mtolo wopanga wekha umatsegulidwa ndi pulogalamu yako yokha. Achemwali amene amatijambulira zithunzi akafuna kuona ngati ng'ona yawo yatsopano yalowa, angafunike kundidikira. Pomwe zip imatseguka pa Windows, pa Linux, ngakhale pafoni, popanda kuika china chilichonse. Ngakhale eni Quake anatsata njira yomweyi: mafayilo a pk3 a Quake III Arena ya mu 1999 ndi zip wamba yosinthidwa dzina. Fayilo ya .love ya laibulale yopangira magemu ya LÖVE ndi zip. APK, fayilo yoikira pulogalamu pa Android, nayonso ndi zip. Tasankha zip.

Kuwerenga zip ndi manja

Ndisanatenge laibulale yotsegulira, ndinalemba kaye kapulogalamu kanga kowerenga zip, kuti tsiku lina zikadzavuta ndidzadziwe poyang'ana. Sikalowa mu gemu, koma zimene kandionetsa ndi zimene zatsogolera china chilichonse mwezi uno.

Zip, imene Phil Katz anaitulutsa mu 1989, imawerengedwa kuyambira kumapeto. Kumchira kwenikweni kuli kachidutswa ka mabayiti 22 koyamba ndi 50 4B 05 06. Mabayiti awiri oyambawo ndi zilembo P ndi K, za dzina la mwini wake. Kachidutswaka kamanena kuti mu zip muli mafayilo angati ndiponso mndandanda waukulu wayambira pati. Sungangowerenga mabayiti 22 otsiriza n'kukhala pansi, chifukwa pambuyo pake pakhoza kukhala ndemanga yofika mabayiti 65,535. Umayamba kumapeto n'kumabwerera m'mbuyo mpaka utapeza chizindikirocho.

Mu mndandanda waukulu, fayilo iliyonse ili ndi mzere wake: mabayiti 46 kenako dzina. M'menemo muli njira yopanikizira, kukula kwa fayilo isanapanikizidwe ndi itapanikizidwa, nambala ya CRC-32 yoyesera ngati fayilo sinawonongeke, ndi malo amene mutu wake waung'ono uli. Ukalumphira pamalopo umapeza mutu wina wa mabayiti 30 woyamba ndi 50 4B 03 04, ndipo katundu weniweni amabwera pambuyo pa dzina ndi kagawo kowonjezera. Apa pali msampha. Kutalika kwa kagawo kowonjezerako mu mutu waung'ono kukhoza kusiyana ndi kumene kwalembedwa mu mndandanda waukulu. Ukadalira za mu mndandanda, umayamba kuwerenga pamalo olakwika ndipo zotuluka zimakhala zinyalala. Uyenera kuwerenga mutu waung'onowo. Koma pa kukula kwa fayilo ndi CRC zinthu zimatembenuka: mapulogalamu ena amasiya ziro mu mutu waung'ono n'kudzalemba manambala enieni katundu atatha, ndiye apo wodalirika ndi mndandanda waukulu.

Njira zopanikizira zimene timakumana nazo ndi ziwiri. Nambala 0 ndi fayilo yongosungidwa momwe ilili. Nambala 8 ndi deflate. Deflate imachita zinthu ziwiri. Choyamba, ikaona mabayiti amene anadutsa kale, siiwalembanso. Imangoti bwerera m'mbuyo mwakuti, ukopere mabayiti angapo. Imatha kuyang'ana m'mbuyo mpaka 32 KB ndi kukopera mabayiti ofika 258 nthawi imodzi. Nzeru imeneyi ndi ya Lempel ndi Ziv ya mu 1977. Chachiwiri, zimene zimabwera kawirikawiri imazipatsa zizindikiro zazifupi, mwa njira ya Huffman ya mu 1952. N'chifukwa chake mapu athu amafwafwanyika kwambiri: mbali yaikulu ya mapu a nyanja ndi kabokosi ka madzi kobwerezabwereza.

Chinthu china chimene chimazunguza anthu ambiri n'chakuti deflate imavala malaya atatu. Ikakhala mu zlib, laibulale yopanikizira ndi kufutukulira, patsogolo pamakhala mabayiti awiri, kawirikawiri 78 9C. Ikakhala mu fayilo ya gzip imayamba ndi 1F 8B. Mu zip imakhala yopanda chilichonse patsogolo. Ukatenga katundu wa mu zip n'kumupereka ku uncompress() ya zlib, imakana chifukwa siikupeza mutu umene ikuyembekeza. Pamafunika inflateInit2() ndi nambala ya -15. Chizindikiro chochotseracho ndi chimene chimauza zlib kuti isafune mutu. Izi zatikhudza pa mapu. Timawajambula ndi pulogalamu ya Tiled, imene imatha kusunga magawo a mapu atapanikizidwa kale ndi zlib kapena gzip n'kulembedwa mu base64, njira yolembera mabayiti ngati zilembo. Tazimitsa zimenezo. Mapu azisungidwa ngati CSV (manambala wamba olembedwa mondondozana), zip ndi imene izipanikiza. Kupanikiza kawiri sikuchepetsa kanthu, kumangowonjezera khodi yofutukulira.

PhysicsFS yalowa

Mu gemu yeniyeni taika PhysicsFS, laibulale ya Ryan C. Gordon, yomweyo imene LÖVE imadalira. Chilolezo chake ndi cha zlib, chofanana ndi cha SDL2, ndiye palibe chotivuta pogawa gemu. Imatsegula zip, 7z, WAD ya Doom, PAK ya Quake ndi mitundu ina ingapo, ngakhale ife tasiya zip yokha pomanga kuti pulogalamu isanenepe.

Ubwino wake ndi wakuti gemu siidziwanso kumene fayilo ikuchokera. Poyamba timaitana PHYSFS_init(), kenako PHYSFS_mount() pa chilichonse chimene tikufuna, kaya foda wamba kaya zip. Kuchokera apo, khodi ikapempha zithunzi/bwato.png, laibulale imafufuza m'malo onse olumikizidwa motsatana n'kupereka yoyamba kupezeka. Pa laputopu yanga ndimalumikiza foda ya data, kuti ndikasintha chithunzi ndichione pompo. Gemu yopita kwa anthu imalumikiza data.zip. Mzere umodzi wokha ndi umene umasiyana.

SDL imawerenga mafayilo kudzera mu SDL_RWops, kamene ndi kagulu ka mafankishoni owerengera, olumphira ndi otsekera. Mu foda ya extras ya PhysicsFS muli physfsrwops.c imene imalumikiza ziwirizi. Ndiye paliponse pamene panali IMG_Load() pali IMG_Load_RW(), ndipo pa nyimbo pali Mix_LoadMUS_RW(). Ntchito yotopetsa koma yosavuta. Ndafufuza khodi yonse kuti fopen() isatsale pena paliponse kupatula posunga pamene wosewera walekezera, ndipo ngakhale apo tsopano tikudutsira mu PHYSFS_getPrefDir().

Chowerengera mapu chimatenga kabayiti kamodzikamodzi, ndipo pa zip chinkachedwa mooneka. PHYSFS_setBuffer() yathetsa zimenezo. Pa mapu ang'onoang'ono ndangosankha kuwerenga fayilo yonse kamodzi n'kuigwirira ntchito mu memori.

Mayina a mafayilo

Tsiku loyamba kuyesa zip, theka la zithunzi silinapezeke. Windows siisiyanitsa Bwato.PNG ndi bwato.png, ndiye khodi inkalemba mwina, fayilo ili ndi dzina lina, ndipo zinkadutsa. M'kati mwa zip PhysicsFS imafuna dzina lenileni, chilembo ndi chilembo. Mu extras muli ignorecase.c yothandiza pamenepa, koma sindinaifune. Kubisa chisokonezo n'kuchisunga, ndipo pa Android chikanatulukirabe.

Panalinso fayilo ya mapu yotchedwa nyanja_ya_malaŵi. Malamulo akale a zip amati mayina alembedwe mu zilembo za IBM 437 za nthawi ya DOS, ndipo mmenemo mulibe ŵ. Pambuyo pake anawonjezera kachizindikiro, biti nambala 11, konena kuti dzina lili mu UTF-8, njira yolembera zilembo za zilankhulo zosiyanasiyana, koma si pulogalamu iliyonse yopangira zip imene imakayatsa. Zotsatira zake, dzina limodzi lomwelo limaoneka mosiyana malinga ndi amene anapanga zip ndi amene akuitsegula. Nayo ng'ona.png, ndi kankhodolero kake, inkadula pakati malamulo amene timalembera kompyuta mu shell.

Lamulo tsopano ndi ili: mayina a mafayilo akhale a zilembo zazing'ono za a mpaka z, manambala ndi kamzere kapansi basi. Chichewa cholembedwa bwino, ndi ŵ wake ndi ng' wake, chili m'kati mwa fayilo ya mawu a pasikirini, imene ili mu UTF-8. Kasikiripiti komanga zip kamakana fayilo iliyonse yoswa lamuloli.

Kasikiripiti kameneka kali mu Python ndipo kamagwiritsa laibulale yake ya zipfile. Sitipanganso zip podina kumanja pa Windows, chifukwa mwa njira imeneyo n'kosavuta kupanikiza foda yonse m'malo mwa zam'kati mwake, ndiye zonse zimakhala pansi pa data/ ndipo gemu siipeza kanthu. Makompyuta a Mac nawo amaikamo foda yawo ya __MACOSX. Kasikiripiti kamasanja mayina motsatira alifabeti ndi kuika deti limodzi pa mafayilo onse, 1 Januwale 1980, lomwe ndi deti loyambirira limene zip imatha kulemba. Potero katundu akakhala yemweyo, zip yotuluka imakhalanso yomweyo, ndipo tikhoza kudziwa msanga ngati munthu ali ndi yakale.

Nyimbo zinkadukiza

Ili ndi gawo limene latidyera nthawi kwambiri, ndipo ndi limene lasintha maganizo anga pa nkhani yopanikiza.

Zip itayamba kugwira, gemu inkaima kaye pang'ono nyimbo iliyonse ikamayamba, ndipo phokoso la mafunde likafika kumapeto kuti liyambirenso, pankamveka kudukiza. Pa laputopu zinali zosaoneka kwenikweni. Pafoni yotchipa, ya memori ya 1 GB, bwato linkachita kuuma pamadzi.

Choyambitsa ndi chikhalidwe cha deflate. Popeza chidutswa chilichonse chimadalira zimene zadutsa kale, sungayambire pakati. Zili ngati usipa wotsinderedwa m'thumba: kuti ufike pa wa pansi uyenera kukhuthula wa pamwamba yense. PhysicsFS ikauzidwa kulumphira patsogolo mu fayilo yopanikizidwa, imafutukula zonse za panjira n'kuzitaya. Ikauzidwa kubwerera m'mbuyo, imayambiranso pachiyambi penipeni. Tsono chowerengera Ogg Vorbis, mtundu wa mafayilo a nyimbo zathu, chikamatsegula nyimbo chimakonda kulumphira kumapeto kuti chidziwe kutalika kwake, n'kubwereranso. Kulumpha kulikonse kumeneko kunali kufutukula nyimbo yonse, pa purosesa yomwe ikuyeneranso kujambula nyanja.

Chowawa n'chakuti ntchito yonseyo inali yopanda phindu. Ogg ndi yopanikizidwa kale. Deflate ikaidutsanso imachotsapo kachinthu kosaoneka n'komwe. PNG nayo m'kati mwake muli kale deflate yomweyo. Tinkalipira nthawi ya foni pogula malo amene sitinapeze.

Ndiye kasikiripiti tsopano kamasankha fayilo ndi fayilo. Za .ogg ndi .png zimalowa ndi njira 0. Za .csv, za mawu a pasikirini ndi zilembo za .ttf zimalowa ndi njira 8. Fayilo ya njira 0 imakhala mu zip momwe inalili, ndiye kulumpha n'kungowerengera malo, palibe chofutukula. Kudukiza kwatha, ndipo zip yakula pang'ono kwambiri moti pa Bluetooth sungazindikire.

Mnzanga wina anafunsa chifukwa chake sitikugwiritsa 7z, poti imapanikiza kuposa zip. N'zoona, imaposa. Koma nthawi zambiri imatero pomanga mafayilo ambiri kukhala mtanda umodzi n'kupanikiza mtandawo, ndiye kuti upeze kachithunzi kamodzi ungafunike kufutukula anzake onse amene ali patsogolo pake. Potumiza pa intaneti n'zabwino. Kwa gemu imene ikutenga mafayilo apa ndi apo ikuseweredwa, pafoni yopereweredwa memori, ayi. Komanso katundu wathu wolemera ndi nyimbo ndi zithunzi, zimene 7z nayo siingazichepetse kwenikweni. Kuchepetsa kwenikweni kwachokera kwina: mawu a asodzi tawasunga a mbali imodzi m'malo mwa sitiriyo, ndipo zithunzi zambiri tazitsitsa kufika pa mitundu 256. Pasikirini ya foni palibe amene waona kusiyana.

Tiphokoso tatifupi, monga nkhafi ikamenya madzi, timalowa mu memori tonse gawo likamayamba, ndiye kwa ito nkhani yolumpha palibe.

Android: zip m'kati mwa zip

Poyamba ndinangoponya data.zip mu foda ya assets, mmene pulogalamu ya Android imasungira mafayilo ake. Koma APK ndi zip kale, ndipo zida zomangira za Android zimapanikiza za mu assets kupatula mitundu imene zimaidziwa, monga .png, .ogg ndi .mp3. Fayilo ya .zip siili pa mndandandawo. Ndiye zip yathu yonse inkalowa mu deflate, ndipo vuto lija la kulumpha linabwerera, tsopano pa katundu yense, pakuti ngakhale kungopeza mndandanda wa kumchira kunkafuna kufutukula fayilo yonse. Njira yodziwika ndi kulemba noCompress mu build.gradle, fayilo ya malamulo omangira APK. Zimagwira.

Koma ndinaona kuti zip yachiwiriyo ilibe ntchito. Pa Android, fayilo imodzi yopatsana ilipo kale, ndi APK yomweyo. Ndiye tsopano mafayilo amalowa mu assets osamangidwa, gemu imafunsa Android malo a APK yake kudzera mu getPackageResourcePath(), n'kuilumikiza ndi PHYSFS_mount() ngati zip ina iliyonse. PHYSFS_setRoot() imachititsa kuti assets ioneke ngati tsinde, ndiye mayina a mu khodi sasintha. Kuyambira pa Android 7.0, siginecha yotsimikizira amene anapanga APK imaikidwa pakati pa katundu ndi mndandanda waukulu. Chowerengera chimene chimayambira kumchira n'kutsata manambala a mu mndandanda chimangoidumpha osaiona.

Pa Windows tachita zofanana ndi zimene a LÖVE amachita: copy /b gemu.exe+data.zip, kumata zip kumbuyo kwa pulogalamu. Windows imawerenga exe kuchokera kumutu, PhysicsFS imawerenga zip kuchokera kumchira, ndipo imadziwa kuwerengera mabayiti owonjezera amene ali patsogolo. SDL tailowetsa m'kati mwa exe pomanga, kuti pasakhalenso ma DLL, mafayilo apadera a malaibulale, otsalira m'flashi.

Fayilo yofika yoduka kapena yowola

Bluetooth ikaduka pakati, kapena magetsi akathima kompyuta ikukopera, chimene chimasowa ndi kumapeto kwa fayilo. Kwa zip ndiye kuti mndandanda palibe, ndipo PHYSFS_mount() imalephera nthawi yomweyo. Kwa ife zimenezi n'zabwino. Gemu ya pa Windows imaonetsa uthenga wakuti, "Fayilo ya gemuyi sinafike yonse. Apempheni amene anakupatsani kuti akutumizireninso." Uthengawu uli m'kati mwa khodi ndipo umatuluka ndi SDL_ShowSimpleMessageBox(), chifukwa panthawiyo zilembo zathu zili mu zip yomwe yakanika kutseguka. APK yoduka Android imaikana yokha poika.

Chovuta ndi fayilo yofika yonse koma yowola pakati. M'misika muli mamemori khadi onama, amene amalemba kukula kwina pomwe m'kati ndi ochepa, ndipo akadzaza amawononga zinthu mwakachetechete. Pa zimenezi kasikiripiti kamalemba fayilo ya mndandanda wathu, dzina, kukula ndi CRC-32 ya fayilo iliyonse, ndipo mu menyu muli batani lakuti "Yesani mafayilo". Limawerenga zonse n'kutchula imene yawonongeka. Sitiyesa gemu ikamayamba chifukwa pafoni yaing'ono zimachedwetsa. CRC-32 imagwira ngozi zokha. Munthu wosintha fayilo mwadala akhoza kusinthanso nambalayo, ndipo pa gemu ya usipa sindikuona chifukwa chotayira tulo pamenepo.

Timitolo towonjezera

Apa ndi pamene kulumikiza malo angapo kwayamba kutibwezera. PHYSFS_mount() ili ndi nambala yotsiriza yonena ngati malo atsopano apite kumbuyo kapena patsogolo pa mzere wofufuzira. Akapita patsogolo, fayilo yake imaphimba ya dzina lomwelo ya mu mtolo waukulu. Ndiye tikakonza mapu amodzi, sitiuza anthu kuti atenge gemu yonse. Timatumiza kazip kokhala ndi mapu okhawo, kamene kamadutsa pa WhatsApp ngakhale bandulo ili kumapeto.

Tayesa ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi mawu. Kugombe kuno anthu ambiri amalankhula Chiyao, ndipo bambo ena okalamba, asodzi akale, anavomera kutilankhulira mawu a m'bwato. Atamva mawu awo akutuluka pafoni anandiuza kuti, "Mwana wanga, uwakonze pamene ndatsokomola." Mafayilo awo ali ndi mayina omwewo a Chichewa, mawu/kokani.ogg ndi ena otero, koma ali mu chiyao.zip. Wosewera akasankha chilankhulo, timachotsa zip ina ndi PHYSFS_unmount() n'kulumikiza inayo. Choyenera kukumbukira n'chakuti kuchotsa kumakana ngati mu zip imeneyo muli fayilo yotsegula, ndiye mawu onse ayambe atsekedwa. Anzathu a ku Nkhotakota akufuna kupanga ya Chitonga, ndipo safunika kukhudza khodi: zojambulira mawu ndi mndandanda wa mayina basi.

Chachiwiri ndi mapu a chilumba cha Mbenji. Kumeneko usodzi umatsekedwa nyengo ya mvula motsatira lamulo la mafumu, ndipo tikufuna gemu izilemekeza zimenezo: mapuwo azitseguka pokhapokha kalendala ya m'gemu ikafika nyengo yake. Ali mu mbenji.zip, pamodzi ndi kafayilo konena miyezi yotseka.

Kulandira zip za anthu ena kuli ndi zoopsa zake. Zip ikhoza kukhala ndi dzina ngati ../../chakuti, kuti poifutukulira pa disiki ikalembe kunja kwa foda imene waipatsa. Ife sitifutukulira kanthu pa disiki, timangowerenga, ndipo PhysicsFS imakana mayina okhala ndi madontho awiri otere komanso siitsata ma symlink (mafayilo oloza kumalo ena) usanailole. Chatsala ndi zip yaing'ono yofufuma moopsa. Deflate ikhoza kupanikiza mpaka kupitirira pang'ono ka 1,000, ndiye kafayilo ka 1 MB kakhoza kufuna pafupifupi 1 GB ya memori. Tisanapemphe memori timafunsa PHYSFS_fileLength(), ndipo mtundu uliwonse wa fayilo uli ndi malire ake. Yopitirira timaikana n'kutchula dzina lake.

Zimene zatsala

Pa Windows timitolo towonjezera timangoikidwa mufoda ya pambali pa exe ndipo gemu imatipeza. Pa Android sizinatheke. Kuyambira pa Android 10, ndipo makamaka 11, pulogalamu siiloledwa kungolowa mufoda ya Download kapena ya WhatsApp n'kutenga fayilo. Pafunika kutsegula chosankhira mafayilo cha Android ndi ACTION_OPEN_DOCUMENT, wosewera aloze zip, ife tiikopere mufoda ya gemu, kenako tilumikize. Zimenezi zikufuna Java pang'ono ndi JNI, mlatho wa pakati pa Java ndi C, ndipo ndi zimene ndiyambe sabata yamawa. Pokopera tizilemba ku dzina longoyembekezera n'kusintha dzina pamapeto, kuti batire ikatha pakati pasatsale zip yoduka imene gemu iziyesa kutsegula tsiku lililonse.

Pakufunikanso nambala ya mtundu m'kazip kalikonse. Panopa munthu akaika zokonza zakale pa gemu yatsopano, mapu akale amaphimba atsopano popanda chenjezo. Ndikuganiza zoika kafayilo ka mtolo.txt konena mtundu wa gemu umene kazipko kanapangidwira, ndipo gemu izikawerenga isanalumikize zina zonse. Sindinasankhe ngati kazip kosagwirizana kazingokanidwa kapena wosewera azifunsidwa. Achemwali ojambula akuti kazikanidwa, chifukwa mwana akafunsidwa amangodina "Inde".